Kumuchotsa mwana pasukulu kuti aziphunzira pakhomo: tiyeni tiunikire kaye



Phunziro la sabata ino ndi lalitaliko, ndiye ngati bandulo ikuvuta lisungeni, muliwerenge madzulo mutakhala pansi. Funso lake ndi ili: kodi ndi bwino kholo kumuchotsa mwana pasukulu n'kumamuphunzitsa lokha pakhomo?

Ambirife tawaonapo mavidiyo pa YouTube ndi TikTok a mabanja achisilamu a ku America ndi ku UK omwe ana awo sapita kusukulu. Mwana wa zaka 9 wakhala patebulo loyera, mashelefu odzaza mabuku kumbuyo kwake, m'mawa akuloweza Qur'an, masana akupanga masamu pa kompyuta. Azungu amazitcha kuti homeschooling. Ukaonera umangoti Masha Allah, n'kuyamba kufunsa kuti nanga ife tikudikira chiyani. Ndipo maganizowa sali pafoni pokha. Kuno ku Ntcheu amamveka panja pa mzikiti tikatuluka Jumu'ah, bambo wina akudandaula kuti sukulu yamuonongera mwana, bola angokhala pakhomo azipita kumadrasa basi.

Mwina mukuti ine sindinakwatire, nkhaniyi ikundikhudza pati? Imakukhudzani. M'mabanja ambiri, ife amene tafika kusekondale kapena kukoleji ndi amene makolo, amalume ndi azakhali amatifunsa kuti, "Iwe wapita patali ndi sukulu, tichite bwanji ndi mng'ono wakoyu?" Yankho lomwe tingapereke tsiku limenelo likhoza kumutsegulira mwana khomo kapena kumutsekera kwa moyo wake wonse.

1. ZIFUKWA ZA MAKOLO SI ZOPUSA

Tisayambe ndi kuwaseka makolo. Madandaulo awo ambiri ndi enieni.

Loyamba ndi la chikhulupiriro. M'boma la Ntcheu Asilamu ndife ochepa, ndipo masukulu ambiri ali pa malo a mipingo ngakhale aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma. Kholo limadera nkhawa za mapemphero a pa asembule, za phunziro la Bible Knowledge, za hijab ya mwana wamkazi, za mnyamata amene Lachisanu lililonse swala ya Jumu'ah imamupeza ali m'kalasi.

Lachiwiri ndi la khalidwe. Mwana amene anali wofatsa wayamba kutukwana, wapeza anzake osuta, mtsikana wa Sitandade 7 wayamba kulandira timakalata ndi timauthenga pafoni ya mnzake.

Lachitatu ndi la maphunziro enieniwo. M'makalasi ang'onoang'ono si zachilendo kupeza ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi, ena atakhala pansi pa mtengo. Mwana amafika Sitandade 4 asakutha kuwerenga ndime imodzi ya Chichewa, kholo n'kumafunsa kuti ndiye amakatani kumeneko tsiku lonse.

Lachinayi ndi mtunda. Amene mumadziwa chigwa cha Bwanje kapena midzi ya m'mbali mwa Livulezi ndi Rivirivi mukudziwa kuti mvula ikagwa kumapiri, mwana wa zaka 7 sangaoloke. Lachisanu ndi matenda aakulu, ulumali, kapena nkhanza zomwe mwana wachitiridwa ndi anzake kaya munthu wamkulu.

Zonsezi ndi zoona. Funso lotsala ndi lakuti kodi mankhwala omwe tasankhawo achiza matendawo, kapena abweretsa ena oposa.

2. TINAYENDAPO KALE NJIRA IMENEYI

Asilamu a m'Malawi si alendo pankhani yosunga ana pakhomo. Chisilamu chinafika m'dziko muno Chikhristu chisanakhazikike, kudzera mwa amalonda achiswahili monga Jumbe wa ku Nkhotakota cha m'ma 1840, kenako kudzera mwa mafumu achiyao monga Makanjira ndi Mponda. Mashehe akuluakulu monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje ankaphunzitsa anthu kuwerenga ndi kulemba m'zilembo za Chiarabu. Makolo athu sanali anthu odana ndi maphunziro ayi.

Koma sukulu ya Chingerezi inabwera m'manja mwa amishoni. Kuno kwathu zitsanzo zili pafupi: mishoni ya Nzama, yomwe ansembe achikatolika a chipani cha Montfort anaitsegula mu 1901, ndi mishoni ya Gowa. Boma la atsamunda linachita kufika mu 1926 lisanakhale ndi dipatimenti yakeyake yoona za maphunziro. Pa nthawi imeneyo sukulu inali khomo lolowera mu mpingo. Mwana amakalowa ali Yusufu n'kutuluka ali Joseph. Agogo athu ataona zimenezi anati ayi, ana athu akhale pakhomo ndi kumadrasa.

Ine sindiwaweruza. Anasunga chikhulupiriro, ndipo lero tikunena Laa ilaaha illallah chifukwa cha kulimba mtima kwawo. Koma mtengo womwe analipira tiudziwenso. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ntchito za uphunzitsi, unamwino, ukalaliki ndi za m'boma zinapita kwa amene anali ndi masatifiketi, ndipo Asilamu anali ochepa kwambiri pamzere umenewo. Ambiri anatsalira pa utelala, usodzi, ulonda ndi ntchito za m'nyumba za anthu. Ntchito zimenezi ndi zahalali ndipo n'zolemekezeka, koma ambiri sanachite kuzisankha, makomo ena anali otseka. Mpaka lero maboma omwe kuli Asilamu ambiri monga Mangochi ndi Machinga akulimbanabe ndi vuto la ana osiyira sukulu panjira.

Zinthu zinasintha. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuchuluka kwa ana m'kalasi komwe timadandaula lero mbali ina kunayambira pamenepo. Nkhani ya hijab nayo inafika povuta mu November 2019 kwa M'manga ku Balaka, boma loyandikana nafe, komwe anthu anamenyana ndipo sukulu inatsekedwa. Amene anavutika kwambiri anali ana, achisilamu ndi achikhristu omwe. Zokambirana zomwe bungwe la Public Affairs Committee linatsogolera zinathera pa mgwirizano womwe atsogoleri a zipembedzo anasainirana mu June 2021, wolola atsikana achisilamu kuvala hijab yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu m'masukulu a mipingo othandizidwa ndi boma.

Phunziro lake ndi lotani? Agogo athu analibe pokadandaula, ndiye anachoka. Ife tili ndi malamulo, makomiti a sukulu ndi migwirizano yolembedwa. Kuthawa lero pomwe khomo lokambirana lilipo n'kulipira mtengo wa agogo athu popanda chifukwa chomwe iwo anali nacho.

3. NANGA CHIPEMBEDZO CHIKUTIPHUNZITSA CHIYANI?

Ine si shehe, ndine mwana wa kumadrasa ngati inu nomwe, ndiye ndingokumbutsa zomwe tonse tinaphunzira.

Choyamba, udindo wolera mwana ndi wa kholo. Surah Luqman ikutionetsa bambo atakhala pansi ndi mwana wake kumulangiza za tauhid, swala, kupirira, kudzichepetsa, ngakhale kayendedwe ndi kalankhulidwe. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anatiphunzitsanso kuti aliyense adzafunsidwa za anthu omwe anapatsidwa kuti awayang'anire. Ndiye kholo lomwe likudera nkhawa za imani ya mwana wake lili pa choonadi. Mwana ndi amana.

Chachiwiri, kukhala ndi udindo sikutanthauza kuchita zonse wekha. Taonani zomwe zinachitika nkhondo ya Badr itatha, m'chaka chachiwiri cha Hijra. Mabuku a mbiri amasimba kuti ena mwa akaidi a ku Makka omwe analibe chuma chodziombolera koma ankadziwa kulemba anapatsidwa mwayi woti aliyense aphunzitse ana khumi a ku Madina kulemba, kenako amasulidwe. Aphunzitsi amenewo sanali Asilamu. Anali anthu omwe dzulo lake anagwira malupanga kulimbana ndi Asilamu. Komabe ana a maswahaba anakhala pansi kuphunzira kwa iwo luso lomwe iwo anali nalo, uku aqida akuilandira kunyumba ndi kumzikiti. Ngati zinatheka ku Madina, ndiye mphunzitsi wa masamu kukhala wa CCAP kapena wa Katolika si chifukwa chokwanira chomuchotsera mwana pasukulu.

Chachitatu, taonani amayi a maimamu. Imam Shafi'i anakula wamasiye ndi mayi ake osauka, koma mayiwo anamutengera ku Makka kwa aphunzitsi. Mayi a Imam Malik amasimbidwa kuti ankamuveka bwino mwana wawo n'kumutumiza kwa mphunzitsi Rabi'a kuti akatengeko khalidwe ndi ilimu. Maziko ankaikidwa pakhomo, koma mwana ankatumizidwa kwa odziwa.

Kotero Chisilamu sichikulamula sukulu ya boma, sichikulamulanso sukulu ya pakhomo. Chikulamula kuti mwana aleredwe bwino ndipo aphunzire. Njira iliyonse yomwe mapeto ake ndi mwana wosadziwa kuwerenga, wosatha kudzidalira, imeneyo ndi kuphwanya amana, kaya taipatsa dzina lokongola bwanji.

4. LAMULO NDI MAYESO

Apa ndi pomwe mavidiyo aja satiuza zonse. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake. Ku America kuphunzitsa ana pakhomo n'kololedwa m'zigawo zonse 50. Ku Germany n'koletsedwa, ndipo makolo amalipitsidwa chindapusa. Ku South Africa, komwe kuli abale athu ambiri, n'kololedwa kuyambira pa lamulo la masukulu la 1996, koma kholo liyenera kukamulembetsa mwana ku ofesi ya maphunziro ya m'chigawo chake, ndipo lamulo la BELA lomwe linasainidwa mu 2024 linawonjezera kukhwimitsa zimenezi. Abale a ku Joni amene mukusunga ana m'nyumba poopa kuti alibe mapepala, dziwani kuti mu December 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala.

Kuno kwathu, gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko likunena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. Ufuluwo ndi wa mwanayo, si wa kholo.

Kenako pali nkhani ya mayeso. Njira yathu imadutsa ku MANEB: PSLCE ku Sitandade 8, JCE ku Fomu 2, MSCE ku Fomu 4. Mwana amalembetsa mayeso kudzera pa sukulu kapena senta yovomerezeka, ndipo kusankhidwira kusekondale ya boma, kaya ya national, ya district kapena CDSS, kumachokera pa zotsatira za PSLCE. Kuti munthu aganiziridwe ku UNIMA, MUBAS, LUANAR, MZUNI, MUST kapena KUHeS, amafunika makrediti 6 pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Ngakhale ntchito ya usilikali, upolisi ndi uphunzitsi imafunsa satifiketi. Mabanja olemera a ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe amaphunzitsa ana pakhomo ambiri amatsata mayeso a Cambridge, omwe mtengo wake mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano kapena wogulitsa kabichi pa Lizulu sangaufikire.

Ndiye funso loyamba kwa aliyense wofuna kumuchotsa mwana ndi ili: adzalembera kuti mayeso, ndipo adzalembetsa ndani? Ngati yankho ndi "tidzaona", imani kaye pompo.

5. CHAKA CHA 2020 CHINATIYESA TONSE

Sitikufunika kuchita kulota za momwe sukulu ya pakhomo ingayendere m'midzi mwathu, chifukwa tinaiyesa dziko lonse. Pa 23 March 2020 masukulu onse anatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo anayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September. Boma linaika maphunziro pa wailesi. Kwa miyezi yoposa isanu, nyumba iliyonse inali sukulu.

Nthawi imeneyo ine ndinali kusekondale, ndipo mayi anandipatsa ntchito yophunzitsa ang'ono anga awiri ndi mwana wa azakhali. Ndikuuzeni zomwe ndinaona. Chabwino chake chinali chakuti mwana mmodzi amene ankasokoneza "b" ndi "d" anaongoka m'masabata atatu okha, chifukwa kwa nthawi yoyamba panali munthu woyang'ana kope lake lokha. Zomwe mphunzitsi wa ana 100 sangakwanitse, mkulu wa mwana atakhala naye pamkeka amakwanitsa. Apa ochemerera sukulu ya pakhomo akunena zoona.

Koma chovuta chake chinali ichi: pakhomo pali ntchito, ndipo ntchito sidziwa belu. Tikangoyamba, wina watumidwa kuchigayo. Mawa kuli maliro. Mkuja ndi tsiku la msika. Nthawi yokolola itafika, makope anakhala pawindo masabata awiri. Mabatire a wailesi akatha, phunziro la tsikulo lapita. Pakhomo pathu panali ine woumirira, nanga makomo omwe munalibe aliyense wofika Fomu 1? Masukulu atatsegulidwa, anzathu ena sanabwerere. Anyamata analowa kabaza ndi maganyu, ena anaoloka malire kupita ku Angonia. Atsikana ena anali ndi pakati, ena anali atakwatiwa, ndipo kafukufuku wa boma chaka chimenecho anapeza mimba za atsikana achichepere pafupifupi 40,000 m'dziko muno.

Alongo anga, mfundo iyi ndi yanu makamaka. Mwana wamkazi akachotsedwa pasukulu "kuti atetezedwe", kawirikawiri amasanduka wotunga madzi ndi wolera ana, ndipo pakatha chaka anthu amayamba kufunsira. Lamulo la dziko lino kuyambira 2017 likuti ukwati ndi kuyambira zaka 18. Komanso tonse timafuna kuti mayi athu ndi akazi athu akapita kuchipatala akaonedwe ndi dokotala kapena namwino wamkazi. Ameneyo adzachokera kuti ngati atsikana athu akuthera Sitandade 6?

6. MAFUNSO ASANU MUSANAPANGE CHIGANIZO

Safunsa anadya phula. Wachibale akakuuzani kuti akufuna kumuchotsa mwana, musakangane naye. Khalani naye pansi mwaulemu, mufunse mafunso awa.

Loyamba: adzaphunzitse ndani, ndipo iyeyo anafika pati? Kuphunzitsa Sitandade 2 munthu wa JCE akhoza. Koma kuyambira Sitandade 5 mabuku ndi mayeso zili m'Chingerezi, masamu afika pa mafulakishoni ndi mapesenti, sayansi yayamba. Kusekondale kuli Physics, Chemistry ndi Biology zofuna labu.

Lachiwiri: ali ndi maola atatu kapena anayi tsiku lililonse, masiku asanu pa sabata, chaka chonse? Munthu amene m'mawa ali kudimba, masana ali pamsika, sangakhale mphunzitsi ngakhale atafunitsitsa.

Lachitatu: mabuku ali kuti? Silabasi ili kuti? Ndalama ya makope, choko, nyali, ndi ya mphunzitsi wapadera pa maphunziro ovuta ichokera kuti?

Lachinayi: mwanayo azicheza ndi ndani? Malinga ndi kalembera wa 2018, Asilamu ndife pafupifupi 14 pa anthu 100 alionse m'Malawi. Mwana wathu adzagwira ntchito, kuchita malonda ndi kukhala moyandikana ndi anthu a zipembedzo zina moyo wake wonse. Kuphunzira kunena mwaulemu kuti "pepani, ine sindidya zimenezi" kapena "ndikupita kukaswali, ndibweranso" ndi luso lomwe limaphunziridwa pakati pa anthu. Ndipo tisanamizane, zoipa zambiri zomwe timaopa kusukulu lero zimalowa pa foni, mwana ali kuchipinda kwake.

Lachisanu: mwanayo mwamufunsa? Nthawi zina amene akuti "sindikufuna sukulu" akubisa chinthu china: sakuona bwino pabolodi, sakumva bwino, akumenyedwa panjira, kapena mtsikana wayamba kusamba ndipo alibe zodzisamalira. Zimenezi zili ndi mankhwala ake osafuna kusiya sukulu.

7. NGATI PALIBIRETU NJIRA INA

Zilipo nthawi zomwe mwana ayeneradi kukhala pakhomo kwa kanthawi: akudwala matenda otenga miyezi, wachitiridwa nkhanza ndipo nkhani ikufufuzidwa, mtsinje wadzaza, kapena banja likusamuka. Zikatero, chitani mwadongosolo.

Musangomusowetsa mwana. Pitani kwa ahedi mukafotokoze, ndipo ngati nkhani yake ndi yokhudza sukuluyo, kaonaneni ndi PEA wa zoni yanu ku TDC, kapena ofesi ya maphunziro pa boma. Ngati ndi nkhanza, nkhaniyo ipite kupolisi ku Victim Support Unit ndi kwa alangizi oona za chitetezo cha ana. Pemphani kuti dzina la mwana lisafufutidwe m'kaundula, kapena tengani kalata ya transifa yopita sukulu ina.

Pemphani mndandanda wa mitu ya teremu imeneyo kwa mphunzitsi wa kalasi, ndipo bwerekani kapena jambulani mabuku. Gwirizanani kuti mwana azidzalemba nawo mayeso a kumapeto kwa teremu, chifukwa popanda muyeso kholo lililonse limaona ngati mwana wake akukhoza.

Ikani nthawi yosasuntha, ndipo nyumba yonse idziwe kuti pa nthawi imeneyo mwana satumidwa. Mwachitsanzo: ikatha swala ya Fajr, mphindi 30 za Qur'an. Akamwa phala, kuyambira 7:30 mpaka 9:00 masamu, mutu ukadali wozizira. Apume. Kuyambira 9:30 mpaka 11:00 kuwerenga ndi kulemba, Chichewa ndi Chingerezi. Kenako ola limodzi la sayansi, ulimi kapena social, mosinthanasintha. Ikatha Dhuhr apume ndi kuthandiza ntchito, masana apite kumadrasa ndi kukasewera ndi anzake.

Gwiritsani ntchito zomwe muli nazo. Mizere ya chimanga ndi masamu ochulukitsa. Kuwerengera phindu la thumba la tomato ndi mapesenti. Kulemba kalata kwa amalume a ku Joni ndi composition. Sungani kope limodzi lolembamo tsiku, mutu womwe mwaphunzira ndi zomwe mwana wakhoza.

Chomaliza, lembani tsiku lobwerera. Kukhala pakhomo kopanda tsiku lothera kumasanduka kusiya sukulu mwakachetechete, ndipo palibe amene amadziwa tsiku lomwe zinachitika.

8. NJIRA YOMWE NDIKUIONA KUTI NDI YATHU

Maganizo anga ndi awa. Kwa mabanja ambiri a kuno ku Ntcheu, kusankha pakati pa sukulu ndi pakhomo n'kudzipanikiza pachabe. Mwana amakhala kusukulu ya pulayimale maola osapitirira 7 patsiku. Maola ena onse, Loweruka, Lamulungu ndi maholide ali m'manja mwathu. Vuto lathu lalikulu si lakuti sukulu yatilanda ana, koma kuti maola athuwo tawasiya opanda mwini.

Ndiye mwana apite kusukulu, ndipo pakhomo pakhale sukulu yachiwiri. Kholo, ngakhale losadziwa kuwerenga, likhoza kunena kuti, "Tatsegula kope, undiwerengere zomwe mwaphunzira lero." Likhoza kufunsa kuti kusukulu anakuuzani chiyani chomwe chakudabwitsa, n'kuongola pomwe pakhota. Mwana amene amaswali ndi bambo ake Maghrib tsiku lililonse sasochera chifukwa cha nyimbo ya pa asembule.

Pa zodandaula zathu, tilowe m'malo momwe zinthu zimagamulidwa. Sukulu iliyonse ili ndi komiti, PTA ndi Mother Group. Kodi ndi Asilamu angati amene amapita kumisonkhano imeneyi? Nkhani ya hijab, ya ana kutuluka msanga Lachisanu, ya chakudya, imatheka kukambirana ndi ahedi mwaulemu, limodzi ndi shehe wa pamzikiti ndi amfumu. Mutu umodzi susenza denga. Ngati sukulu imodzi yakanikadi, transifa ilipo tisanaganize zosiyiratu.

Amadrasa nawonso atithandize. Nthawi ya madrasa isalimbane ndi ya sukulu, ndipo mwana wa Sitandade 8 akayandikira mayeso apatsidwe mpata. Muallimu akamafunsa ana kuti lipoti la kusukulu lili bwanji, anawo amadziwa kuti maphunziro awiriwa si adani.

Tsono ife achinyamata. M'mera mpoyamba, ndipo ang'ono athu akumera panopa. Holide ikubwerayi, aliyense wa ife amene ali ndi MSCE asonkhanitse ana asanu a pafupi naye, pakhonde la mzikiti kapena pansi pa mtengo wa mango, ola limodzi patsiku, kuwerenga ndi masamu. Musasankhe kuti uyu ndi wachisilamu uyu ayi, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ngati mukudziwa mwana m'mudzi mwanu amene teremu ino sanapite kusukulu, musadikire bungwe. Pitani mukapereke salaam kwa makolo ake, mumve chifukwa chake, muyende nawo mafunso asanu aja.

Tikambirane: kodi kwanuko chimene chikuchotsa ana kwambiri pasukulu n'chiyani, ndipo mwayesapo kuchita chiyani? Amene muli aphunzitsi ndi amuallimu, tiuzeni zomwe mukuona.

Allah atipatse ilimu yothandiza, atitetezere ang'ono athu ndi ana athu, awalipire makolo ndi aphunzitsi athu zabwino, ndipo atipange kukhala osunga amana. Aameen. Allah ndiye Mwini kudziwa.

Wassalaamu alaikum warahmatullahi wabarakaatuh.